Kulambalala rauta sikuwonjezera liwiro la intaneti

Akonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga, kudzera m'nyuzipepala yanu, pa malangizo ena amene afala pakati pa anthu okhala ndi intaneti ya m'nyumba kuno ku Dedza, ndipo ndikhulupirira kuti kwa anansi athu a ku Ntcheu adafikanso. Malangizowo ndi akuti intaneti ikamachedwa, mlandu umakhala wa kabokosi kogawa intaneti kamene timakatchula kuti rauta, ndiye munthu akakachotsa n'kulumikiza waya mwachindunji ku kompyuta, liwiro limakwera pompopompo. Amene akulangiza zimenezi sikuti ndi anthu abodza ayi. Ambiri mwa iwo adayesadi, adaona kusintha, ndipo akungonena zimene adaona ndi maso awo. Chimene ndikutsutsana nacho ndi chifukwa chimene akupereka. Ine ntchito yanga ndi yoyala mawaya m'nyumba za anthu, m'masitolo ndi m'maofesi ang'onoang'ono, ndipo maganizo anga ndi akuti kulambalala rauta ndi njira yabwino yofufuzira pamene pagona vuto, koma kawirikawiri si mankhwala a vutolo.

Tiyambe ndi zimene zili m'kabokosiko, chifukwa chisokonezo chachikulu chimachokera pamenepo. Pali ntchito ziwiri zosiyana zimene anthu amaziphatikiza. Modemu ndi imene imalankhulana ndi kampani yogulitsa intaneti, kaya kudzera pa nsanja ya netiweki, pa waya wa faiba (wagalasi mkati mwake), kapena pa mbale yolandira mafunde kuchokera ku satelayiti. Rauta imatenga intaneti imene modemu yabweretsa n'kuigawira zipangizo za m'nyumba: imapatsa foni iliyonse ndi kompyuta iliyonse nambala yakeyake yoizindikirira, imakumbukira kuti uthenga wakutiwakuti wapemphedwa ndi chipangizo chiti, ndipo imabweza mauthenga ochokera kunja amene sadapemphedwe ndi aliyense m'nyumbamo. Tsono m'nyumba zambiri zakuno muli kabokosi kamodzi kokha kolowetsamo simu khadi ya Airtel kapena ya TNM, ndipo modemu ndi rauta zonse zili momwemo. Munthu wotere akauzidwa kuti alambalale rauta, kwenikweni palibe choti alambalale, pakuti akachotsa kabokosiko wachotsa intaneti yonse. Chimene amachita ndi kutenga waya n'kumulowetsa kumbuyo kwa kabokosi komweko, ndipo uthenga wake umadutsabe mu rauta monga kale. Nkhani ya kulambalalayi ili ndi tanthauzo kwa okhawo amene ali ndi mabokosi awiri, monga maofesi amene adakokeredwa faiba, kapena amene adagula Starlink, intaneti ya pa satelayiti imene idayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023 ndipo ili ndi njira yozimitsira rauta yake kuti mwini agwiritse ntchito rauta ina imene waikonda. Ngakhale pamenepo, rauta imodzi imangolowa m'malo mwa inzake.

Liwiro limene timaliona pa foni limabwera pambuyo pa ulendo wautali. Uthenga umachoka pa foni kupita pa rauta, kuchoka pamenepo kupita pa nsanja, pa nsanja n'kulowa m'mawaya a faiba a kampani, ndipo popeza zambiri zimene timatsegula zimasungidwa m'makompyuta a kunja kwa dziko lino, umayenera kutuluka m'malire. Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho timadalira mawaya odutsa m'mayiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique kuti tikafike ku mawaya a pansi pa nyanja, monga SEACOM amene adayamba kugwira ntchito mu 2009 ndi EASSy amene adatsatira mu 2010. Pa ulendo wonsewu, malo amene ali opanikiza kwambiri ndiwo amalamula liwiro la zonse. Owerenga akumbukira kuti mu Meyi 2024 mawaya awiri amenewa adaduka pansi pa nyanja kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti idafooka m'mayiko angapo a chigawo chino cha Africa, kuphatikizapo kwathu kuno. Masiku amenewo munthu akadatha kuchotsa rauta, kusintha waya, ngakhale kugula kompyuta yatsopano, koma palibe chimene chikadasintha.

Ngakhale mawaya onse a kunja atakhala bwinobwino, kampani imakupatsani liwiro limene mudalipira basi. Ngati mudagula intaneti ya 10 Mbps (Mbps ndi muyezo wa liwiro la intaneti), palibe chimene mungachite m'nyumba mwanu chimene chingaifikitse pa 20 Mbps, chifukwa malirewo adaikidwa ku kampaniko, osati mu rauta yanu. Rauta yolongosoka, ngakhale yotsika mtengo, imanyamula 10 kapena 20 Mbps popanda kuvutika, ndipo kanthawi kamene imachedwetsa uthenga wodutsa pa waya nthawi zambiri sikafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, kamene munthu sangakazindikire mwa njira iliyonse. Kwa ife a simu khadi palinso china: nsanja imodzi imagawira anthu onse amene ali m'dera lake pa nthawi imeneyo. Zili ngati mjigo umodzi wotumikira mudzi wonse. Pakati pa usiku mutha kudzaza ndowa zanu zonse popanda wokupingani, koma m'mawa pamene aliyense wafika ndi yake, kusintha ndowa sikufupikitsa mzere. N'chifukwa chake intaneti imathamanga m'bandakucha n'kumakwawa madzulo anthu akaweruka ku ntchito, rauta ili yomweyo, waya ali yemweyo.

Nanga amene adayesa aja adaona chiyani? Pochotsa rauta adasintha zinthu zingapo nthawi imodzi, koma ulemu wonse adaupereka kwa chimodzi. Adasiya WiFi n'kuyamba kugwiritsa ntchito waya. Adadulanso zipangizo zina zonse za m'nyumbamo: mafoni a ana, foni ya mayi a kunyumba imene inali kukopa zithunzi ndi makanema a m'magulu a WhatsApp, wailesi yakanema, mwinanso foni ya woyandikana naye nyumba amene mwana adamuuza pasiwedi kalekale makolo osadziwa. Pamwamba pa izo adazimitsa modemu n'kuiyatsanso, zimene pazokha zimachotsa mavuto ena kwa kanthawi. Mwa zonsezi, kusiya WiFi ndiko kumabweretsa kusintha kwakukulu, ndipo kusintha kumeneku akadakupeza rauta ili pamalo pake.

WiFi ndi mafunde a wailesi, ndipo mafunde amafooka akamadutsa m'zinthu. Nyumba zathu timamanga ndi njerwa zowotcha kapena mabuloko a simenti, ena amathira konkire yokhala ndi zitsulo mkati, denga n'kukhala la malata, m'mazenera ndi m'zitseko n'kuikamo zitsulo zotchingira akuba. Khoma lililonse limadya gawo la mphamvu ya mafundewo, ndipo chitsulo chimawabweza kumene. Ndiye taonani kumene ambiri amaika rauta: pansi, pakona ya pabalaza, kuseri kwa wailesi yakanema, mwina m'kabati yotseka, ena n'kuiphimba ndi kansalu kuti isalowe fumbi. Mwana amene akuwerengera mayeso kuchipinda cha kumapeto, makoma atatu kuchokera pamenepo, amalandira zotsalira. Marauta ambiri amasiku ano amatulutsa mafunde amitundu iwiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. Oyambawo amafika patali ndipo amapirirako makoma, koma amanyamula zochepa ndiponso amasokonezedwa ndi marauta a oyandikana nawo, zipangizo za Bluetooth ndi mauvuni a mayikulowevu. Pa mafunde amenewa, njira zimene sizilowererana zilipo zitatu zokha, zimene ndi 1, 6 ndi 11, kotero m'nyumba za lendi zogundizana zimene khomo lililonse lili ndi rauta yake, marautawo amangolimbirana njira zomwezo. A 5 GHz amathamanga kwambiri, koma khoma limodzi kapena awiri amawafooketsa msanga. Waya alibe mavuto onsewa. Sadziwa khoma, sadziwa malata, ndipo sagawana njira yake ndi nyumba yoyandikana nayo.

Njira yachilungamo yoyesera ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi. Pogwiritsa ntchito masamba oyezera liwiro la intaneti monga Speedtest kapena Fast.com, yesani pa WiFi muli pamalo amene mumakhala nthawi zonse, kenaka yesaninso mutaimirira pafupi ndi rauta. Mukatero lumikizani laputopu ku rauta ndi waya waufupi wabwino, zipangizo zina zonse zitachotsedwa pa WiFi, ndi kuyesanso. Pomaliza, ngati muli ndi modemu yapayokha, lumikizani laputopu ku modemuyo mwachindunji kwa mphindi zochepa chabe. Ngati zotsatira ziwiri zomalizazi zikufanana, rauta ilibe mlandu. Ngati zonse zinayi zili pansi mofanana, vuto lili kunja kwa nyumba yanu. Mayeso amenewa achitike motsatizana pa ola limodzi, chifukwa kuyerekeza zotsatira za m'mawa ndi za madzulo n'kudzinamiza, komanso muzikumbukira kuti kuyesa kulikonse kumadya bandulo, makamaka pamene intaneti ikuthamanga.

Sindikunena kuti rauta singakhale ndi mlandu. Marauta akale, ndi ena atsopano otsika mtengo, ali ndi mabowo olowetsamo waya amene malire ake ndi 100 Mbps, ndipo pa katoni kapena kunsi kwake pamalembedwa 10/100. Chonyenga n'chakuti pa katoni yomweyo pamatha kulembedwa 300 Mbps ndi zilembo zikuluzikulu, pamene chiwerengerocho chikunena za WiFi yokha, osati za bowo limene intaneti imalowera. Amene ali ndi intaneti yoposa 100 Mbps, monga faiba ya maofesi ena kapena Starlink pa nthawi imene ikuyenda bwino, rauta yotereyi imawadyeradi gawo la zimene akulipira, ndipo chizindikiro chake n'chakuti mayeso amangoima pafupi ndi 94 kapena 95 Mbps tsiku ndi tsiku. Rauta imene yatentha kwambiri chifukwa chophimbidwa, kapena imene ikugwiritsa ntchito adaputala ya magetsi yosakhala yake, nayonso imazimazima ndi kuchedwa. Palinso nyumba zimene zili ndi marauta awiri olumikizidwa motsatizana, iliyonse ikugwira ntchito yogawa manambala. Liwiro silitsika kwenikweni, koma makamera a chitetezo, mapulintala ndi masewero ena a pa intaneti amavuta, ndipo chofunika ndi kuuza rauta yachiwiriyo kuti izingotulutsa WiFi, kugawa manambala n'kusiyira yoyamba. M'zonsezi, chochita ndi kukonza kapena kusintha rauta, osati kukhala popanda rauta. Ndipo kunena zoona, mabanja ochuluka kuno intaneti yawo siyandikira n'komwe pa 100 Mbps, kotero nkhani ya mabowoyi siwakhudza.

Amene amalangiza zochotsa rauta satchula zimene munthu amataya. Kampani nthawi zambiri imapereka nambala imodzi yokha pa mzere umodzi, kotero kompyuta imene yalumikizidwa ku modemu imatenga nambalayo, ndipo zipangizo zina zonse zimatsala pamtunda. Ena amayesa kuikapo swichi ya netiweki m'malo mwa rauta, n'kudabwa kuti kompyuta imodzi ikugwira koma yachiwiri ayi. Swichi imangochulukitsa mabowo, sigawa manambala. Chachikulu kuposa apo ndi chitetezo. Pa intaneti pali makompyuta amene ntchito yake usana ndi usiku ndi kugogoda pa nambala iliyonse kufunafuna chipangizo chosatetezeka, ndipo rauta ndi imene imaima pakhomo kuwabweza. Kompyuta ya m'sitolo imene ili ndi mabuku a ndalama, makamaka ngati ikugwiritsa ntchito Windows yakale imene idasiya kulandira zokonza kuchokera kwa eni ake, si yoti n'kuisiya poyera chotero pofuna liwiro limene silibwera n'komwe.

Kumene ndalama ndi nzeru ziyenera kupita ndi ku mawaya a m'nyumba, ndipo apa ndi pamene ndimaona zolakwika zochuluka. Waya wa netiweki amene timagwiritsa ntchito ali ndi timawaya 8 mkati mwake, topotana tiwiritiwiri. Wa mtundu wa Cat5e amanyamula 1,000 Mbps pa mtunda wofika mamita 100, ndipo Cat6 amachita chimodzimodzi, komanso amatha kufika 10,000 Mbps pa mtunda wosapitirira mamita 55. Pa nyumba wamba uliwonse mwa mitundu iwiriyi ndi wokwanira, ndipo wogulitsa amene akukukakamizani kugula wa nambala yokwera kuposa apo ponena kuti intaneti ithamanga akungofuna ndalama zanu. Choyenera kudziwa n'chakuti liwiro la 100 Mbps limagwiritsa ntchito timawaya 4 tokha, pamene la 1,000 Mbps limafuna tonse 8. Kamodzi kokha kakaduka, kapena kakapanda kugunda bwino m'kamutu ka pulasitiki ka kumapeto kamene amati RJ45, zipangizo zimatha kungotsikira pa 100 Mbps mwakachetechete. Intaneti imagwirabe, ndipo mwini nyumba amaloza chala rauta.

Kupotana kwa timawayato si kokongoletsa, koma ndi kumene kumathetsa phokoso la magetsi lochokera kunja. N'chifukwa chake pomanga kamutu sitiyenera kumasula kupotanako kupitirira mamilimita 13, ndiponso timawayato tili ndi dongosolo lake. Madongosolo ovomerezeka alipo awiri, T568A ndi T568B. Lofala kwambiri ndi lachiwirili, limene limayenda motere: koyera ka mizere ya olenji, ka olenji, koyera ka mizere yobiriwira, ka buluu, koyera ka mizere ya buluu, kobiriwira, koyera ka mizere ya bulauni, ndi ka bulauni. Amisiri ena amangondandalika mitundu mmene yawakomera, n'kunena kuti bola mbali zonse ziwiri zikhale zofanana. Waya wotero amayatsadi nyali pa rauta, ndipo akakhala waufupi amagwira, koma popeza uthenga umodzi wagawidwa pa timawaya tosapotana pamodzi, pa mtunda wautali mauthenga amawonongeka n'kumatumizidwa kawirikawiri, liwiro n'kutsika popanda woona chifukwa chake.

Palinso nkhani ya waya wachinyengo. Waya weniweni amakhala wa kopa yekhayekha, koma pamsika padzaza wina amene mkati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba, ndipo pa katoni nthawi zina pamalembedwa CCA. Ndi wotsika mtengo ndiponso wopepuka, koma amathyoka msanga akapindidwa, safika mtunda umene weniweni amafika, ndipo amatentha akamanyamula magetsi opita ku kamera kapena ku kabokosi ka WiFi ka kudenga. Kumuzindikira n'kosavuta: palani kawaya kamodzi ndi mpeni, ndipo mukaona kuti mkati mukuyera ngati siliva, mubwezereni mwini sitolo.

Kayalidwe kake nakonso kali ndi malamulo. Waya wa netiweki asayende m'paipi imodzi ndi mawaya a magetsi, poyamba chifukwa cha ngozi, kachiwiri chifukwa cha phokoso la magetsi lija. Pamene akuyenera kukumana, adutsane mopingasa m'malo moyenda limodzi mtunda wautali. Asapindidwe mothyola pakona, asakhomeredwe ndi misomali yomufinya, ndipo asalumikizidwe pakati pomangirira ndi tepi monga ena amachitira ndi waya wa nyali. Mu siling'i adutse m'paipi, chifukwa makoswe amakonda kutafuna chikopa chake. Chipinda chilichonse chikhale ndi waya wakewake wochokera pamalo amodzi pamene pali rauta kapena swichi, osati waya mmodzi wongodumpha kuchoka chipinda china kupita china. Timabokosi tija togawa waya mmodzi kuti atumikire makompyuta awiri timapatsa aliyense timawaya 4, ndiye onse awiri amatsekeredwa pa 100 Mbps. Swichi yaing'ono ya 1,000 Mbps imagwira ntchito imeneyo bwino, ndipo sichedwetsa kanthu.

Apa ndipemphe amene akumanga nyumba pa boma pano, ku Linthipe, ku Lizulu ndi kwina konse, kuti aganizire za mawayawa nyumba isanapakidwe pulasitala. Paipi yopanda kanthu yoikidwa m'khoma pa nthawi yomanga, yochokera pabalaza kupita ku zipinda ndi kudenga, mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kugumula khoma lopentedwa kale, ndipo ngakhale mulibe intaneti lero, paipiyo idzadikira. Anthu ambiri amakumbukira paipi ya waya wa dishi koma ya netiweki amaiwala, kenaka waya n'kumayenda pansi pa kapeti ndi pamphuthu pa chitseko, pamene amapondedwa ndi kufinyidwa tsiku lililonse. Pa nyumba yaikulu, njira yabwino yofikitsira WiFi ku zipinda zakutali ndi kukoka waya n'kuika kabokosi kena kotulutsa WiFi kumeneko. Timabokosi tongolandira WiFi n'kuitumizanso popanda waya, timene ambiri amathamangira kugula, nthawi zambiri timadula liwiro ndi theka, chifukwa wailesi imodzi yomweyo imayenera kulandira kenaka n'kutumiza, ndipo tikaikidwa pamalo pamene mafunde afooka kale, timangofalitsa kufookako.

Chenjezo lapadera lipite kwa amene amakoka waya kuchoka m'nyumba yaikulu kupita ku nyumba ya kuseri, ku sitolo, kapena kwa mnansi amene akugawana naye bilu. Waya wa m'nyumba akayenda padzuwa chikopa chake chimauma n'kung'ambika, madzi n'kulowa. Choopsa kwambiri ndi mphenzi, imene m'dera lamapiri ngati lathu lino si yachilendo m'nyengo ya dzinja. Siyenera kuchita kugwera pa wayayo kuti iwononge. Ikagwa pafupi, waya wa kopa wolendewera pakati pa nyumba ziwiri amatola mphamvuyo n'kuipereka ku rauta ndi ku chilichonse cholumikizidwa nayo. Waya wotere akhale wopangidwira panja, ayende m'paipi yokwiriridwa pansi, ndipo kumapeto kwake kukhale zotetezera zolumikizidwa ku nthaka. Amene angakwanitse, faiba ndiyo yabwino pakati pa nyumba ziwiri, chifukwa ndi galasi ndipo sinyamula magetsi.

Kwa ambiri a ife amene intaneti imabwera kudzera pa nsanja, kusintha kwenikweni kumachokera pa malo amene kabokosi kaikidwa. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000, ndipo dera lonse kuyambira ku Bembeke mpaka kutsikira ku Mtakataka ndi lamapiri ndi zigwa. Phiri likaima pakati pa nyumba ndi nsanja, mafunde amafika ofooka, ndipo nthawi zina kusuntha kabokosi kuchoka pakati pa nyumba kupita pazenera loyang'ana kumene kuli nsanja kumasintha zinthu kuposa china chilichonse chimene ndatchula m'kalata ino. Amene akuika eriyo panja adziwe kuti waya wa eriyo amataya mphamvu pa mita iliyonse, pamene waya wa netiweki sataya liwiro mpaka mamita 100 aja. Choncho kabokosi kakhale pafupi ndi eriyo, waya wa eriyo akhale waufupi, ndipo mtunda wotsalawo uyendedwe ndi waya wa netiweki. Okhala m'mbali mwa msewu wa M1, kumene msewuwo umayenda m'malire a dziko lino ndi Mozambique, aonetsetsenso kuti chipangizo chawo chagwira netiweki ya kwathu, pakuti m'madera otere netiweki ya tsidya lina imamvekanso.

Mwachidule nditchulepo za miyezo, chifukwa madandaulo ena amachokera pa kusamvetsetsana chabe. Makampani amagulitsa liwiro mu Mbps, kutanthauza mamegabiti (Mb) pa sekondi, pamene kompyuta ikamakopa chinthu imaonetsa mamegabaiti (MB) pa sekondi, ndipo MB imodzi ndi yofanana ndi Mb 8. Amene adagula 10 Mbps akaona 1.25 MB pa sekondi, walandira zonse zimene adalipira.

Koma ngati mayeso a pa waya, ochitidwa bwino, akuonetsa mobwerezabwereza liwiro lotsika kwambiri poyerekeza ndi limene mudalonjezedwa, musataye nthawi ndi kuzula mabokosi m'nyumba. Lembani tsiku, ola, zotsatira, ndi mmene mudalumikizira, jambulani zimene zaoneka pa kompyuta, n'kupita nazo ku kampani yanu. Dandaulo lokhala ndi manambala limavuta kulikankhira kumbali kusiyana ndi kungonena kuti netiweki ikuvuta. Kampani ikapanda kuthandiza, bungwe la MACRA, limene limayang'anira zamtokoma ndi zofalitsa mauthenga m'dziko muno, limalandira madandaulo a ogula. Ndikadakondanso kuti sukulu zophunzitsa ntchito zamanja zimene zili pansi pa TEVETA ziziika mtima pa kayalidwe ka mawaya a netiweki pophunzitsa amisiri a zamagetsi, chifukwa iwowa ndi amene amaitanidwa nyumba ikamamangidwa, ndipo ndi amene eni nyumba amawakhulupirira.

Kwa eni nyumba amene akulemba mmisiri ntchito imeneyi, pempho langa ndi lakuti musalipire ndalama yomaliza musanaone zinthu ziwiri. Mmisiri aike kachipangizo koyesera waya pa waya aliyense inu mukuona, nyali zonse 8 ziyake motsatizana bwino kuyambira 1 mpaka 8 mbali zonse ziwiri. Kenaka alumikize laputopu pa soketi ya chipinda chilichonse n'kukuonetsani pa kompyutapo liwiro limene waya wagwirizana ndi rauta. Ngati rauta ndi laputopu zonse zili za 1,000 Mbps koma pakuoneka 100 Mbps, amangenso kamutu kapena asinthe wayayo asanachoke pakhomopo.

Ndine wanu,

Mmisiri woyala mawaya,
Dedza Boma